Pempho kwa Anthu Onse a mu Lusaka: Tisamusiye Yekha Uja Anagwada Pamsewu

Kwa inu makolo athu, abusa ndi akulu a mipingo, atsogoleri a m'misika, oyendetsa maminibasi, achinyamata, ndi nonse okhala mumzinda uno, tikukulemberani ife anansi anu a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga, amene tinaphunzira chithandizo choyamba ndipo timasonkhana kuti tizikumbutsana ntchitoyo.

Munthu akagwa mwadzidzidzi pa Cairo Road, kapena pakati pa piringupiringu wa pa Kulima Tower, mtima wake utaleka kugunda, khamu litamzinga, ena akufuula, ena akujambula ndi mafoni, ena akungoti waledzera, nthawi zina pamapezeka mmodzi, wosamdziwa wogwayo ngakhale dzina, amene amatula katundu wake pansi, nagwada pafumbi, nayamba kudinikiza chifuwa cha mlendoyo ndi manja ake awiri. Ambulansi kapena galimoto ya munthu wachifundo ikafika, wodwala amanyamulidwa kunka kuchipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa, khamu limabalalika, malonda amayambiranso, koma uja anagwadayo amatsala chiimire, maondo ali mbuu, manja akunjenjemera, popanda womufunsa kuti, "Nanga inu, bambo, mukafika bwanji kunyumba?" Pempho lathu lili pa munthu ameneyu.

Ntchito yodinikiza chifuwayi, imene madokotala amaitcha CPR, imene inafotokozedwa bwino mu 1960 ndi akatswiri a pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, si yopepuka monga imaonekera pa kanema. Wothandiza amaika chikhatho pakatikati pa chifuwa, nadinikiza ndi thupi lake lonse kuti chifuwacho chilowe masentimita 5 kapena 6, ndipo amatero ka 100 kufikira ka 120 pa mphindi iliyonse, osapumula, popeza ubongo ukasowa magazi umayamba kuwonongeka pakangopita mphindi 4 mpaka 6. Pochita zimenezi nthiti zimathyoka kawirikawiri, makamaka za okalamba, ndipo wothandiza amamva kuthetheka kwake m'manja mwake momwe. Wodwala amatha kusanza, kapena kukoka mpweya mobuula ngati akudzuka pamene sakudzuka konse, maso ali tong'o. Namwino wa m'chipatala amakumana ndi zotere ali ndi anzake, ataphunzitsidwa zaka zambiri, ndipo pambuyo pake ali ndi wokamba naye. Koma kalaliki amene anangotuluka mu ofesi kukagula chakudya chamasana amakumana nazo ali yekha, kenaka n'kubwerera kukakhala pa desiki yake.

Pali choonadi chimodzi chimene tikufuna chimveke m'nyumba iliyonse, chifukwa kusachidziwa ndiko kumazunza ambiri. Ngakhale m'maiko olemera, kumene ambulansi imafika msanga ndi makina ogwedeza mtima ndi magetsi, mwa anthu 10 amene mtima wawo waima ali kunja kwa chipatala, amene amapulumuka ndi mmodzi yekha kapena kuyandikira pamenepo. Okonda mpira akumbukira tsiku la 12 Juni 2021, pamene Christian Eriksen anagwa m'bwalo ku Copenhagen, anzake atamzinga kuti amtchinge, madokotala namtsitsimutsa pomwepo, ndipo patapita miyezi anabwerera kukasewera. Koma ife a m'Zambia tikumbukiranso mwana wathu Chaswe Nsofwa, amene anagwa m'bwalo ku Beersheba, m'dziko la Israel, mu Ogasiti 2007, ali ndi zaka 28, namwalira ngakhale odziwa ntchito anayesetsa kumtsitsimutsa. Tsono ngati imfa imapambana ngakhale pamaso pa akatswiri, mlandu ungakhale bwanji pa mayi wa pamsika amene chida chake chinali manja okha? Kudinikiza chifuwa msanga kumachulukitsa mwayi wopulumuka kawiri kapena katatu. Ndiko kupatsa munthu mpata umene sakadakhala nawo. Nthiti yothyoka imapola, ndipo munthu amene mtima wake unaima kale sanaphedwe ndi manja a womthandiza.

Koma mtima wa munthu sumva msanga mawu a chiwerengero. Mmodzi wa ife, mayi wogulitsa ndiwo zamasamba, anathandiza bambo wina wachikulire amene anagwa pokwerera basi pafupi ndi thanki yamadzi ya ku Chelstone. Anadinikiza kufikira mikono inachita dzanzi, galimoto inabwera, bamboyo anatengedwa, ndipo kufikira lero mayiyu sadziwa ngati munthu uja ali moyo kapena anaikidwa, popeza chipatala sichiulula za wodwala kwa munthu amene si mbale wake. Usiku umenewo tulo sanatione. Kwa masabata angapo analephera kudula nkhuku, chifukwa mpeni ukafika pafupa manja ankakumbukira chifuwa chija. Pobwera ku msika wa Soweto kokapikula ankatsikira patali, n'kusenza katundu mtunda wonse, kuti asaponde pamalo paja. Ndipo atayesa kufotokoza kunyumba, yankho limene analandira linali lakuti, "Ndani anakutumani? Mwadziputira nokha mavuto, mukadaona apolisi akukugwirani." Mawu amenewo anamlasa kuposa zonse zimene anaona pamsewu, ndipo anatseka pakamwa, chinthucho n'kukhala mumtima ngati munga wothyokera m'phazi.

Makolo athu sankatero. Iwo ankadziwa kuti wokhudza imfa satuluka chimodzimodzi monga analowera. Ndicho chifukwa chake adzukulu, amene amasambitsa mtembo, kukumba manda ndi kutsitsa bokosi, ankapatsidwa chakudya chawo, ulemu wawo ndi madzi osamba, ndipo mudzi wonse unkazindikira kuti anthuwa asenza cholemera m'malo mwa onse. Ngakhale muno mumzinda, tikachokera kumanda a ku Leopards Hill kapena a ku Chingwere, timapeza beseni la madzi pachipata cha nyumba ya maliro, timasamba m'manja, timakhala pansi, timadya pamodzi, ndipo palibe amene amabwerera kwawo asanamve mawu a chitonthozo. Maliro n'kulirana, anatero akale. Nanga bwanji amene analimbana ndi imfa maso ndi maso chifukwa cha mlendo, iye yekha ndiye alibe beseni, alibe mpando, alibe womuuza kuti zikomo? M'Malembo timamva za mneneri Eliya, amene atatha ntchito yaikulu pa phiri la Karimeli anathawira kuchipululu, nagona pansi pa kamtengo atatheratu mphamvu. Mthenga wa Mulungu sanamdzudzule, koma anayamba wampatsa mkate ndi madzi, namlola agonenso. Timalalikira za Msamariya wachifundo chaka ndi chaka, koma sitifunsa kuti Asamariya a m'misewu yathu amagona bwanji usiku wa tsikulo.

Chotero tikupemphani, abale ndi alongo, kuti mukakhala m'khamu lotere, ikani foni m'thumba, pokhapokha ngati mukuimba 992 kuitana ambulansi. Chithunzi cha munthu womwalira chikamazungulira pa WhatsApp chimavulaza abale ake, chimavulazanso wothandiza uja, amene amadziona mobwerezabwereza pa ola lake lowawitsa. Ngati mukudziwa ntchitoyo, gwadani pambali pake kuti muzilandizana pa mphindi 2 zilizonse, popeza mutu umodzi susenza denga. Musaope matenda: kwa munthu wamkulu wogwa mwadzidzidzi, kudinikiza ndi manja okha, popanda kuuzira mpweya mkamwa, kumathandiza ndithu, ndipo kachilombo ka HIV sikalowa mwa kugwira chifuwa. Wodwala akatengedwa, tembenukirani kwa wotsalayo. Mpatseni madzi osamba m'manja ndi akumwa, mkhazikeni pamthunzi, muimbireni mbale wake, ndipo ngati n'kotheka mperekezeni.

Inu a m'banja lake, mlekeni afotokoze nkhaniyo kangati konse kamene afuna, ndipo akafuna kukhala chete musamkakamize. Kusowa tulo, kudzidzimuka, kulota zoopsa, kusafuna chakudya, kulira popanda chifukwa chooneka, zonsezi zimagwera anthu olimba mtima omwe, amuna ndi akazi, ndipo kwa ambiri zimazilala pakapita masabata ochepa. Sikuti walodzedwa, sikuti mzimu wa womwalira ukumtsata, ndipo tikudandaulira abusa athu kuti pomupempherera asawonjeze mantha pa mantha. Olemba anthu ntchito ampatse tsiku lopuma. Apolisi, amene ayenera kulemba lipoti munthu akafika kuchipatala atamwalira kale, tikuwapempha kuti wothandizayo amlandire ngati mboni yolemekezeka, chifukwa mmodzi akachitidwa mwano, anthu zana adzapinda manja tsiku lotsatira. Ndipo inu amene mbale wanu anathandizidwa ndi mlendo, kaya anapulumuka kaya anatisiya, mukatha kumpeza munthuyo muuzeni mmene zinathera. Kusadziwa ndiko kumamdya koposa.

Kwa iwe mwini, amene unagwada pafumbi, tikuti: unachita chimene chinayenera, ndipo ambiri amene anaimirira sanachichite. Ngati mwezi wapita koma zithunzi za tsikulo sizikukuleka, ngati wayamba kufuna mowa kuti ugone, kapena ngati moyo wayamba kukukola, usadikire. Pita kukiliniki ya kwanu ukafunse phungu, kapena imba 933, nambala yaulere ya Lifeline Zambia. Tikudziwa kuti dzina la chipatala cha Chainama limaopsa ambiri, chifukwa cha mmene takhala tikulitchulira monyoza; koma kumeneko kuli anthu ophunzira kuthandiza mtima wovulala, ndipo lamulo la dziko lino la 2019 lonena za thanzi la maganizo, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, linaikidwa kuti wofuna chithandizo chotere alemekezedwe.

Sitikulemba izi kuti tikuopsezeni, koma kuti manja othandiza achuluke. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wogwa pa Burma Road mawa angakhale bambo wanu. Mabungwe a Zambia Red Cross Society ndi St John Zambia amaphunzitsa chithandizo choyamba muno mu Lusaka. Tikupempha mpingo uliwonse, komiti ya msika uliwonse ndi siteshoni iliyonse ya mabasi kuti atumize anthu awo kukaphunzira, ndipo posankha ophunzirawo asankhenso munthu wokhwima maganizo amene adzayendera wothandizayo kunyumba kwake tsiku lotsatira.

Ndife anansi anu,
a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga.