Kuthamanga Si Kufika: Phunziro la ku England kwa Akuluakulu a Ntchito za Makompyuta

Akuluakulu athu anati kuthamanga si kufika. Mawu amenewa ayenera kukhala m'mutu mwa mkulu aliyense wa m'boma amene wapatsidwa udindo woyang'anira ntchito yokonza pulogalamu ya kompyuta, pakuti ndalama zimene amasainira ndi thukuta la anthu okhoma msonkho.

Tiyeni tione zimene zinachitika ku England. M'chaka cha 2002, boma la a Tony Blair linayambitsa ntchito yaikulu yoti mbiri ya wodwala aliyense idzasungidwe m'makompyuta, kuti dokotala wa pa chipatala chirichonse adzathe kuiwerenga. Cholinga chinali chabwino ndithu. Dziko linagawidwa m'zigawo 5, ndipo m'zaka za 2003 ndi 2004 boma linasainirana mapangano a ndalama zambirimbiri ndi makampani a Accenture, BT, CSC ndi Fujitsu. Koma Accenture inaisiya ntchitoyo mu 2006, pangano la Fujitsu linatha mu 2008, ndipo mu 2011 boma linalengeza kuti likuithetsa. Mu 2013 komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za ndalama za boma inanena kuti ntchitoyo idzawonongetsa mapaundi mabiliyoni 9.8, pamene mbiri ya odwala imene anthu analonjezedwa inali isanafike m'zipatala zambiri.

Nanga chinalakwika n'chiyani? Choyamba, mapangano anasainidwa mwaliwiro, madokotala ndi anamwino asanafunsidwe mokwanira za m'mene amagwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Safunsa anadya phula. Pulogalamu imene yakonzedwa ku likulu popanda mawu a anthu amene adzaigwiritse ntchito imafika kwa eni ake ngati chovala chosayezedwa, ndipo ikayamba kusinthidwa ntchito iri m'kati, masiku ndi ndalama zimangopita.

Chachiwiri, anafuna kumeza zonse nthawi imodzi. N'zopatsa chidwi kuti mbali zina za ntchitoyo, zimene malire ake anali odziwika bwino, zinatheka, monga kusunga ndi kutumiza zithunzi za X-ray pa makompyuta. Apa mpamene pali nzeru. Ntchito iyenera kugawidwa m'tizigawo, ndipo kachigawo kalikonse kayesedwe pa ofesi imodzi kapena chipatala chimodzi, kampani isanalipidwe ndiponso ntchito isanafalikire kwina. Cholakwa chopezeka pa ofesi imodzi chimakonzedwa ndi ndalama zochepa, koma chikapezeka dziko lonse litalandira kale pulogalamuyo, mtengo wake ndi woopsa.

Chachitatu chikukhudza chizolowezi chimene ambiri tiri nacho. Ntchito ikachedwa, mkulu amathamangira kulemba anthu ena poganiza kuti manja ambiri afulumizitsa zinthu, monga zimakhalira pokolola chimanga. A Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yokonza pulogalamu ya OS/360 ku kampani ya IBM, anaonetsa m'buku lawo la mu 1975, The Mythical Man-Month, kuti pa ntchito imeneyi zimatembenuka. Obwera kumene ayenera kuphunzitsidwa ndi akale, amene amayamba asiya ntchito yawo. Ndiponso aliyense ayenera kumvana ndi anzake: pa anthu 5 pali njira 10 zolankhulirana awiriawiri, koma pa anthu 20 njirazo zimakwana 190.

Ena anganene kuti kufunsa anthu ndi kuyesa pang'onopang'ono kumachedwetsa chitukuko, pamene anthu akudikira thandizo. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo pali ntchito zina zimene tsiku lake silingasunthe. Koma zikatero, chofunika ndi kuchepetsa zimene pulogalamu ichite poyamba. Kuyesa kokhako kusadumphidwe. A ku England anathamanga, koma patatha zaka 9 anali asanafike.

Choncho tikupempha inu alembi aakulu a maunduna ndi nonse oyang'anira ntchito zotere kuti musanasaine pangano mufunse kalaliki amene adzakhale pa kompyutayo. Musakhutire ndi malipoti a papepala, koma muziona ndi maso anu pulogalamu ikugwira ntchito. Ndipo wantchito amene wabwera kudzakuuzani kuti ntchito ikuchedwa mumulandire bwino, chifukwa mukamukalipira, mawa onse adzakhala chete mpaka ndalama zitatha.