Makina Aone Kumene Chubu Chafika, Koma Dotolo Asaine Dzina Lake

M'chaka cha 1929 dotolo wina wachinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, analowetsa kachubu mu mtsempha wa pamkono pake nakakankha kufikira kanafika mu mtima. Pofuna kuti anzake akhulupirire, anapita ku chipinda cha X-ray nadzijambulitsa. Anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1956. Funso limene iye anayankha ndi chithunzi chija likali kufunsidwa m'zipatala usana ndi usiku: kodi chinthu chimene tachilowetsa m'thupi la wodwala chafika pati?

Awerengi athu ambiri anaonapo mbale wawo atagona m'chipatala ali ndi chubu m'mphuno, chodyetsera munthu wosatha kumeza. Chubu chimenechi chiyenera kutsika mpaka m'mimba, koma nthawi zina chimaphonya njira nichilowa m'mapapo, ndipo phala kapena mankhwala zikathiridwamo munthu akhoza kufa. Ku England, dziko la madotolo ambiri, akulu a NHS analengeza mu 2016 kuti ngozi yotere inachitika ka 95 kuyambira September 2011 kufikira March 2016. Chodabwitsa nchakuti kawirikawiri chithunzi cha X-ray chinajambulidwa ndithu, koma wochiwerenga anachiwerenga molakwa.

Apa ndi pamene makina ophunzira alowera. Kompyuta imaonetsedwa zithunzi za pachifuwa zikwizikwi, zimene akatswiri alembapo kale njira ya chubu ndi pamene nsonga yake yathera. Ikalota molakwa imadzikonza pang'ono, nibwerezabwereza kufikira itazolowera kusiyanitsa chubu chokhala bwino ndi chosokera. Kumapeto kwa 2020 bungwe la akatswiri a X-ray la ku Australia ndi New Zealand linatsegula mpikisano wa dziko lonse wa ntchito yomweyi. Mu 2021 bungwe la FDA ku America linavomereza pulogalamu ya kampani ya GE Healthcare imene imakhala m'makina a X-ray oyenda nawo pabedi la wodwala. Iyo imayeza chubu chopumira, kuona kuti nsonga yake yatalikira bwanji ndi mphanda imene njira ya mpweya imagawikira kunka ku mapapo awiri. Kwa munthu wamkulu mtunda woyenera ndi pafupifupi masentimita 5, ndipo yankho limatuluka wodwala akali pomwepo.

Ife tiona kuti ntchito imeneyi njabwino, ndipo amene amainyoza sanachezerepo usiku m'wodi. Dotolo amene wagwira ntchito chiyambire m'mawa maso ake amalema, pamene makina amayang'ana chithunzi cha pakati pa usiku monga cha masana.

Komatu makina ameneŵa amaphunzira chimene aonetsedwa, osati chimene mphunzitsi anali kufuna, ndipo aphunzitsi a sukulu akudziwa bwino mwana woloweza mayankho osamvetsa samu. Mu 2019 ofufuza a ku Adelaide ndi Stanford anayesa pulogalamu yofuna odwala amene mpweya watsekeredwa m'chifuwa mwawo nufinya papo. Inkakhoza kwambiri pa zithunzi zooneka chubu chotulutsira mpweyawo, ndiye kuti pa anthu amene athandizidwa kale, koma inkafooka pa amene analibe chubu, eni ake ofunika kuwapeza msanga. Inali itazolowera kuona chubu m'malo mwa nthenda. Malikisi ake onse pamodzi anali okoma, ndipo cholakwacho chikadabisika akadapanda kugawa zithunzizo paŵiri.

Chifukwa chake tinena kuti makina akhale diso lachiŵiri, ndipo lamulo la chipatala lisasinthe: asanathire kanthu m'chubu, munthu wophunzitsidwa aone chithunzi, alembe kuti chubu chili m'mimba, nasaine dzina lake. Namwino asaleke kukoka timadzi ta m'chubu ndi kutiyeza pa kapepala ka asidi, njira yotsika mtengo imene ku England amayambira, polola kudyetsa pokhapokha muyeso wa pH usapitirire 5.5. Mantha athu ngakuti chipatala chikagula pulogalamu, ndalama zophunzitsira anthu kuwerenga zithunzi zidzakhala zoyamba kudulidwa, ndipo tsiku limene makina adzafa m'wodi simudzapezeka wodziwa.

Machubu omwewa akugwira ntchito m'zipatala zathu zazikulu, kumene akatswiri owerenga X-ray ali ochepa, kotero ogulitsa makina sadzalephera kugogoda pa makomo a maofesi a Boma. Akalaliki ndi mabwana amene adzawalandira awafunse kuti pulogalamuyo inaphunzira pa zithunzi za anthu a kuti, ngati inayesedwapo pa ana aang'ono ndi pa mapapo oonongeka ndi TB, ndiponso kuti pa machubu 100 osokera imaphonya angati. Mayankho ake alembedwe m'pangano la malonda lisanasainidwe.