Khofi wabwino alimidwa m'Zambia, koma wogula wa kuno avutika kumupeza

Mtengo wa khofi wosakazinga wa mtundu wa arabica unakwera koposa kale lonse mu February 2025, pomwe unapitirira madola 4 pa paundi imodzi pa msika wa ku New York. Cinacititsa kwambiri ndi cilala ku Brazil ndi ku Vietnam, maiko awiri amene atsogola pa ulimi wa khofi. Nkhaniyi ioneka ngati yakutali, koma mtengo umene minda ya ku Kasama iika pa thumba lake uwerengedwa kucokera ku msika womwewo, ndiponso m'madola.

Izi zikhudza anthu a mu Lusaka ndi a ku Migodi amene afuna kugula njere zosakazinga kuti azikazinga okha panyumba, pamodzi ndi eni timalo ting'onoting'ono togulitsira khofi wa espresso. Cifukwa cao ndi comveka. Khofi wokazinga ayamba kutha fungo pakapita masabata ocepa, pamene njere zosakazinga zikhala miyezi yambiri ngati zasungidwa pouma.

Khofi wotere alipo m'dziko muno. Ku Cigawo ca Kumpoto, kampani ya Olam inagula Northern Coffee Corporation mu 2012 ndi kudzutsa minda monga ya Kateshi, pafupi ndi Kasama. Kum'mwera, ku Mazabuka, kuli khofi wa Munali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Zambia inali kukolola matani oposa 6,000 pa caka, koma zokolola zinatsika kwambiri pambuyo pake, alimi ambiri atasiya mbewuyi. Mtengo wa khofi utenga zaka zitatu kapena zinai usanabale, ndipo si mlimi aliyense angadikire nthawi yotere ali ndi ngongole kubanki.

Bvuto lili pa kagulitsidwe. Malonda a khofi anakonzedwa poganizira wogula wa kunja, amene atenga matumba a makilogalamu 60, oposa 300 m'kontena imodzi. Njere zazikulu ndi zoyera, zolembedwa AAA ndi AA, ndizo zikhala zoyamba kulonjezedwa kwa ogula otere. Munthu wofuna makilogalamu 5 afika mocedwa, ndipo kawirikawiri apeza zotsalira. Palibe coipa cimene minda icita pamenepa, popeza igulitsa kumene kuli ndalama. Cimene cicepa ndi amalonda apakati ogula thumba lathunthu ndi kuligawa kwa ogula ang'onoang'ono, monga acitira ku South Africa ndi ku Ulaya.

Cotero wogula wa kuno ayenera kudziteteza yekha ndi mafunso. Afunse dzina la munda ndi caka ca zokolola, cifukwa khofi wogonera ataya kukoma ngakhale aoneke bwino. Njere zabwino zikhala zobiriwira motuwirako, zofanana kukula, zopanda mabowo a tizilombo kapena fungo la cuku. Cinyezi cake ciyenera kukhala pakati pa maperesenti 10 ndi 12. Zikanyowa koposa apo zicita cuku, zikauma kwambiri zipsa msanga pamoto. Akatswiri olawa khofi apereka mamalikisi kufika pa 100, ndipo amene wapeza 80 kapena kuposa ndiye aikidwa m'gulu lapamwamba. Malembo a AA anena za kukula kwa njere cabe, sanena za kukoma, ngakhale kuti ogulitsa ena akonda kuti wogula asadziwe zimenezi.

Kwa ofuna espresso nkhaniyi ndi yaikulu ndithu. Makina ake akankha madzi otentha mwamphamvu kudutsa mu ufa wa khofi kwa masekondi pafupifupi 30, ndipo cilema ciriconse ca njere cimveka m'kapu. Njere imodzi yowola ikwanira kuononga cakumwa conse. Wogula awerengerenso kuti khofi ataya maperesenti 15 mpaka 20 a kulemera kwake pokazinga, motero kilogalamu imodzi yosakazinga ipatsa magalamu ongopitirira 800.

Palinso lamulo la maiko a European Union la mu 2023, loletsa khofi wolimidwa pa malo amene nkhalango inadulidwa pambuyo pa caka ca 2020. Tsiku loti liyambe kugwira nchito lakhala likusunthidwa, koma lifuna kuti thumba lirilonse lidziwike munda umene lacokera. Minda yaikulu ingathe kulipira nchito yolemba malire a malo ake. Mlimi wamng'ono angavutike, ndipo kwa iye wogula wa mu Lusaka, amene alipira makwaca pomwepo ndi kufunsa za kukoma, angakhale msika woyamba wodalirika. Alimi ang'onoang'ono a ku Mzuzu m'dziko la Malawi anagwirizana m'bungwe lao, ndipo agulitsa khofi kunja ndi m'masitolo a kwao komwe, pansi pa dzina limodzi.