Chifuwa cha mwana wobadwa masiku asanakwane si tsempho

Abale ndi alongo a m'gulu lino, kawirikawiri timatsutsana za kalembedwe, ngati tilembe "ŵ" kapena "w". Lero ndabwera ndi nkhani ya mawu amene tilibe, amene kusowa kwake kunatsala pang'ono kupasula banja kuno ku Waverley, m'tauni ya Kadoma.

Msuweni wanga anachira pakati pali pa miyezi 7. Khandalo linakhala m'chipatala milungu yambiri, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno. Litatuluka linkapumabe mwabefu, nthiti zikulowa m'kati, ndipo chimfine chilichonse chinkalibwezera kuchipatala. Dokotala analemba pakhadi kuti bronchopulmonary dysplasia, anamwino nafotokoza m'Chishona. Agogo athu, amene anachoka ku Dedza ali mtsikana kutsatira amuna awo ku mgodi wa Cam and Motor, anamva zonsezo koma sanatolepo kanthu. Anayang'ana mwana wowonda, wotsokomola, wosakula, nati: "Limeneli ndi tsempho. Bambo wake wayenda njira zachilendo." Mlamu wanga anazengedwa mlandu ndi akuluakulu a banja pa chinthu chimene sanachite.

Agogo sindikuwaseka. Munthu amatchula nthenda ndi mawu amene ali nawo, ndipo m'Chichewa mawu oyandikira kwambiri mwana wotsokomola nawonda ndi tsempho kapena mdulo. Vuto ndi lakuti mawuwo amabwera ndi wolakwa wake ndiponso mankhwala ake. Ukati tsempho, maso amapita kwa bambo, miyendo ipita kwa sing'anga, pomwe mwana akufunika mpweya.

Nthendayi imayamba motere. Mwana akabadwa miyezi isanakwane, makamaka milungu 32 isanafike, timatumba ta mpweya ta m'mapapo mwake timakhala tisanakhwime. Timasowanso madzi oterera otchedwa surfactant, amene amatiletsa kumatirirana mwana akatulutsa mpweya. Kuti apulumuke, amapatsidwa okosijeni, nthawi zina kudzera m'makina omupumira. Koma mapapo anthetewo amavulala ndi mphamvu ya makinawo komanso ndi okosijeni wochuluka, natupa, nasiya kukula bwino. Dokotala William Northway wa ku Stanford ndiye anaifotokoza koyamba mu 1967. Masiku ano madokotala amati mwana ali nayo ngati akufunabe okosijeni pa nthawi imene mimba ikadakwana milungu 36. Choncho ndi nthenda ya ana amene apulumuka, ndipo zipatala zathu zikamapulumutsa ana ambiri, tidzaiona kawirikawiri m'makomo mwathu. Lipoti la Born Too Soon la 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse, kuti ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane, ndipo Zimbabwe inali m'gulu la maiko 10 oyambirira.

Kupewa kumayamba mwana asanabadwe. Mayi amene wayamba matenda milungu 34 isanakwane amabayidwa dexamethasone kuti mapapo a mwana akhwime msanga, koma jakisoniyo amafuna nthawi kuti agwire ntchito, ndiye kuchedwa kunyumba podikira apongozi kumawononga mwayiwo. Mwana akabadwa amapatsidwa caffeine wa kuchipatala, amene amathandiza kuti asamaleke kupuma ndipo amachepetsa nthenda ya mapapoyi. Okosijeni amaperekedwa mwa muyeso, chifukwa wopitirira amawononga mapapo ndi maso omwe.

Pa zonsezi, chimene chimandikhudza kwambiri monga munthu wophunzira za zilankhulo chinachitika ku Blantyre. Madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital, mogwirizana ndi a yunivesite ya Rice ku America, anapanga kachipangizo kotsika mtengo kouzira mpweya pang'onopang'ono m'mphuno mwa khanda kuti timatumba tija tisafote, mwanayo akupuma yekha. Koyambako kanagwiritsa ntchito mapampu a m'mathanki owetera nsomba ndi botolo la madzi. Kafukufuku amene Dr Kondwani Kawaza ndi anzake anafalitsa mu 2014 anapeza kuti mwa ana 100 oikidwa pa kachipangizoka 71 ankapulumuka, pomwe mwa olandira okosijeni wamba ankapulumuka 44. Kachipangizoka anakatcha Pumani. Mneni wakuti kupuma ali ndi matanthauzo awiri, kukoka mpweya ndi kuleka ntchito yotopetsa, ndipo khanda lobanika limafuna zonse ziwiri. Mayi wa ku Ndirande akauzidwa kuti mwana wake aikidwa pa Pumani, amamva chimene akuchitidwa mwanayo. Ngati chida chinapezeredwa dzina lotere, nthenda imene chimalimbana nayo ilekerenji?

Ena mudzati dzina la Chingerezi likwanira, monga tinalandirira shuga ndi khansa. Koma shuga ndi khansa ndi mawu aafupi amene pakamwa pathu panawafewetsa. Palibe gogo amene adzanene bronchopulmonary dysplasia pamtondo. Kumene mawu achilendo alephera kulowa, mawu akale amakhalabe pampando. Ine ndikupereka dzina lakuti "mapapo anthete", ndipo pofotokoza tizinena kuti mapapo a mwanayo anavulala asanakhwime. Ndinayamba ndaganiza za "zipsera za m'mapapo", koma ndinalisiya chifukwa chipsera sichichoka, pomwe mapapo a mwana amapitiriza kuphuka timatumba tatsopano m'zaka zoyambirira, ndipo ana ambiri amapeza bwino akamakula. Dzina lisalande makolo chiyembekezo chimene ali nacho moyenera.

Mwambo wathu sindikuutaya wonse. Chikuta, chimene chimabisa mayi ndi khanda kwa anthu ambiri, n'chimenenso madokotala amafuna, pakuti kachilombo ka chimfine kamene munthu wamkulu amangoyetsemula nako kangagoneke mwana wotereyu m'chipatala. Mwana wa mapapo anthete ayenera chikuta chotalikirapo, alendo asambe m'manja, wachifuwa asalowe. Chimene tiyenera kuchotsa m'chikutamo ndi utsi. Kuno magetsi akazima timakoleza mbaula m'nyumba kuti khanda lifunde, osadziwa kuti utsi wa makala, wa nkhuni ndi wa fodya ukupsereza mapapo omwe akuyesa kuchira. Kutentha kwabwino kuli pachifuwa cha mayi. Njira ya kangaroo, yofungatira khanda khungu ndi khungu, inayamba ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo chipatala cha mishoni cha Manama kuno ku Zimbabwe chinali chimodzi mwa zoyamba kuiyesa mu Africa. Bambo nayenso angathe kufungatira. Mlamu wanga uja anayamba kutero madzulo alionse, ndipo ndi pamene agogo anayamba kumuyankhulanso. Kuwonjezera apo, mkaka wa m'mawere, katemera pa nthawi yake ndi kusaphonya sikelo, chifukwa mwana wopuma movutika amatha mphamvu zambiri ndipo kulemera kwake kuyenera kuonedwa pafupipafupi.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ngati n'choncho, kapepala kofotokoza zizindikiro zoopsa, monga milomo kuda, nthiti kulowa m'kati ndi kukana bere, kayenera kupezeka m'Chichewa ku Kadoma ndi ku Chegutu, kumene zidzukulu za anthu a m'migodi ndi m'mafamu zili zambiri. Ndayamba kulemba kapepala koteroko kuti namwino wina wa mumpingo mwathu akaunike. Anzathu a Chishona mwana wobadwa msanga amamutcha gavamwedzi, liwu limodzi. Inu a ku Chipata, ku Angónia ndi ku Ntcheu, kodi kwanu kuli liwu limodzi lotero, kapena nanunso mumazungulira kuti "wobadwa masiku asanakwane"? Ndipo "mapapo anthete" akumveka bwanji m'makutu mwanu? Ndiuzeni ndisanapereke kapepalako kumapeto a mwezi uno.