Kota inatha, musathamangitse nayo ana m'kalasi

Uthenga womwe ukuzungulira pa WhatsApp kuchokera pa Jenda, kudzera ku Embangweni mpaka pa boma pa Mzimba, ndi woti kota, njira yosankhira ana opita ku yunivesite potengera boma lochokera, sinathe, anangoibisa m'kompyuta. Akuti mwana wa ku Mzimba akalemba fomu ya NCHE, bungwe loyendetsa kasankhidwe ka ana opita ku mayunivesite a boma, pa intaneti, makinawo akangoona kwawo amamutaya, choncho kufufuza za maphunziro a ku yunivesite pa foni n'kungotha bandulo pachabe. Ena awonjezerapo mchira woti alipo "anthu a m'kati" omwe angakusinthire boma lochokera ukawatumizira kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba. Umboni palibe, ngakhale dzina la mwana mmodzi yemwe makinawo anamutaya. Koma uthengawo ukuyendabe, ndipo chotikwiyitsa n'choti ena mwa omwe akuutumiza ndi anthu ophunzira, oti akanayamba afunsa kaye.

Tikudziwa chifukwa chake bodzali lamera msanga kuno. Kota inalipodi, ndipo inapweteka anthu. Inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mu ulamuliro wa Kamuzu, khoti lalikulu linaikana mu 1993, kenaka Bingu wa Mutharika anaibwezeretsa mu 2009 ataiveka dzina lokoma loti kugawana malo mofanana. Aphunzitsi achikulire sanaiwale 1989, pomwe a kumpoto analamulidwa kusiya sukulu za pakati ndi kumwera n'kubwerera kwawo. Sinodi ya Livingstonia, eni ake a mishoni ya Embangweni, inalimbana ndi kota kwa zaka zambiri osatopa. Munthu amene anaona zonsezi sitingamunyoze akamakayikira boma. Koma mu February 2020 boma linalengeza kuti kota yathetsedwa, ndipo amene akuti idakalipo mobisa ndiye ali ndi ntchito yotionetsa pomwe yabisalapo. Zoti mafomu amafunsa kwanu si umboni. Chiphaso cha unzika ndi pasipoti nazonso zimafunsa zomwezo.

Chomwe makinawo amayang'ana ndithu chilipo, ndipo sichibisika. Ndi maphunziro omwe mwana analemba pa mayeso a MSCE ndi momwe anakhozera. Kuti aganiziridwe n'komwe m'sukulu zaukachenjede za boma, ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo. Apa m'pakhomo chabe. M'kati, pulogalamu iliyonse ili ndi zofuna zakezake. Wofuna udokotala kapena zamankhwala ku KUHeS sangathawe Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Wofuna uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST ayenera kulimba pa masamu ndi Physics. Zaulimi ku LUANAR, zankhalango ku Mzuni, zauphunzitsi ku UNIMA, chilichonse chili ndi mndandanda wake, wolembedwa poyera, woti aliyense wokhala ndi foni angauwerenge atakhala pansi pa mtengo pa Embangweni pompano.

Vuto n'loti ana ambiri amauwerenga mndandandawu mochedwa, zotsatira za MSCE zitatuluka kale. Pamenepo chitseko chinatsekeka zaka ziwiri zapitazo, tsiku lomwe mwana wa Fomu 3 anasiya Physics chifukwa anzake anati ndi yovuta, kapena anataya Chemistry chifukwa sagwirizana ndi mphunzitsi. Mtsikana atha kukhoza bwino kwambiri, mapointi ake ochititsa kaso, makolo n'kupha nkhuku, koma ngati analemba maphunziro osagwirizana ndi unamwino womwe amaufuna, dzina lake silituluka. Wadzala nyemba sangakolole chimanga. Ndiye pakhomopo, m'malo mofunsa kuti chalakwika n'chiyani, amalume amangoti ndi kota ija, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo mng'ono wake wa mtsikanayo chaka chamawa amakagwera m'dzenje lomwelo.

Palinso ena omwe maphunziro awo ndi oyenera koma amalakwitsa posankha. Fomu imalola kusankha mapulogalamu angapo motsatana, iwo n'kudzaza ponseponse ndi okhaokha omwe dziko lonse likulimbirana. Malo m'mayunivesite asanu ndi limodzi a boma ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana omwe amakhoza chaka chilichonse. Mwana wa ku Mulanje ndi wa ku Dowa akulira kulira komweku, ndipo iwo alibe kota yoti aziinamizira.

Apa ndiye pali kuipa kwa mphekesera imeneyi. Ikuletsa ana kuchita chinthu chimodzi chomwe chili m'manja mwawo, chomwe ndi kuwerenga msanga zomwe ntchito ya kumtima kwawo ikufuna, akadali ku Fomu 2, JCE isanawasiyanitse. Mwana akauzidwa kuti zonse zinakonzedwa kale, atsegula masamba a NCHE kapena a Mzuni kuti atani? Ndipo ku Mzimba kuno mwana wotaya mtima sakhala pakhomo. Njira ya ku Joni inalambulidwa kalekale ndi agogo ake m'masiku a Wenela ndi TEBA, nyumba zamalata za omwe anapita amaziona tsiku lililonse, ndipo amatola amafika mpaka kumudzi kudzatenga anthu. Sitikunyoza omwe ali kumeneko. Ndalama zawo zaphunzitsa ana ambiri m'boma muno. Koma mnyamata wa zaka 17 wopanda satifiketi, nthawi zina wopanda ndi mapepala omwe, akupita kudziko lomwe mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019 alendo anamenyedwa ndi kuthamangitsidwa, komwe ogwidwa amakasungidwa ku Lindela kudikira kubwezedwa. Mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Wotumiza uthenga wa pa WhatsApp uja sadzakhalapo tsiku lomwe mayi adzafunafuna ndalama yobwezera mwana kumudzi.

Za "anthu a m'kati" sititayapo nthawi. Amenewo ndi madobadoba wamba omwe asamukira pa foni, ndipo wokuuzani kuti mutumize ndalama pa nambala yake kuti dzina la mwana lituluke, nambala yakeyo mukaipereke kupolisi. Zoti bandulo ndi yodula komanso netiweki imavuta m'midzi, n'zoona, koma zofunika pa pulogalamu iliyonse n'zoti mphunzitsi mmodzi atha kuzitsitsa kamodzi, kuzisindikiza n'kuzimata pakhoma kuti sukulu yonse iwerenge. Enanso akuti mafunso a pa intaneti oyesa ntchito yomwe ikukuyenera ndi maula a azungu. Ayi, si maula. Otchuka mwa iwo, monga O*NET Interest Profiler ya unduna wa zantchito ku America, amangogawa zokonda za munthu m'magulu asanu ndi limodzi motsatira maganizo a John Holland. Amathandiza mwana kudzifunsa ngati amakonda kugwira zinthu ndi manja, kuwerengera, kapena kusamala anthu. Anapangidwira ana a kwawoko, sadziwa MSCE, ndipo akakuuza ntchito yomwe ku Malawi kulibe, useke n'kupitirira.

Chinanso chomwe mphekeserayi yaphimba n'choti njira si ya NCHE yokha. Embangweni, yomwe Donald Fraser anaikhazikitsa mu 1902 n'kuitcha Loudon, ili ndi chipatala, sukulu ya ana osamva, sekondale ya Robert Laws ndi koleji ya aphunzitsi ya Loudon, zonse pamalo amodzi. Mwana wa kuno amadutsana ndi namwino, woyeza magazi, wa zamankhwala, mphunzitsi wa chinenero cha manja, koma si kawirikawiri kuti wina amuuze kuti anthu amenewa anadzera kuti. Yunivesite ya Livingstonia ilipo kuyambira 2003. Za unamwino zimaphunzitsidwa ku Ekwendeni ndi ku St John of God ku Mzuzu. TEVETA imalemba achinyamata a zamagetsi, zomanga, ukalipentala ndi zamagalimoto m'makoleji monga a Mzuzu ndi Livingstonia. Ngongole ya boma ya ophunzira a m'sukulu zaukachenjede nayo ili ndi nthawi yake yofunsira, ndipo woti sanamve amaiphonya.

Sitikunena kuti zonse zili bwino. Kupanda chilungamo kulipo, koma kuli pena. Kuli m'masekondale oyendera a m'midzi momwe mulibe labu, momwe mwana amalemba Chemistry asanagwirepo botolo la mankhwala, momwe mphunzitsi wa Physics kulibe ndipo phunzirolo limangochotsedwa. Mwana ameneyo sanasankhe kusiya sayansi, anachita kumusankhira, ndipo akupikisana ndi mnzake wa sukulu yogonera konko yokhala ndi zonse. Mkwiyo womwe ukuthera pa kompyuta ya ku Lilongwe ukanapita kwa aphungu a kumwera kwa Mzimba, kukhonsolo ya M'mbelwa ndi ku unduna wa zamaphunziro, kukafunsa kuti ndi masekondale angati m'boma lino omwe ali ndi labu yogwira ntchito.

A NCHE nawo ali ndi mbali yawo. Mphekesera imakula pomwe anthu sakumvetsa, choncho chaka chilichonse azifotokoza m'zinenero zathu, pa wailesi ndi m'masukulu, momwe anasankhira komanso pomwe mzere unadulidwa pa pulogalamu iliyonse, kuti wosiyidwa adziwe chomwe chamugwetsa. Ndipo aphunzitsi aakulu a ku Embangweni, Edingeni ndi Jenda asadikire zimenezo. Ana a Fomu 2 asanasankhe maphunziro a Fomu 3, mndandanda uja ukhale uli kale pakhoma, makolo aitanidwe, auwerenge limodzi ndi ana awo.