Dothi la ku Kijitonyama likupita kuti?

Ndimakhala ku Kijitonyama, kufupi ndi msewu wopita ku Bagamoyo. Chaka chatha ndinaonerera katapila akukumba maziko a nyumba yosanjikizana pa puloti yoyandikana ndi yathu. Malole anatuta dothi kwa masabata awiri, ndipo sindinaone munthu ndi mmodzi yemwe atawerama kuti aone zomwe zinali m'dothimo.

Nditadandaula, mnzanga anandiseka. Akuti Dar es Salaam ndi mzinda wa dzulodzulo, anauyambitsa Sultan Majid m'zaka za m'ma 1860, ndiye mukufuna mupezemo chiyani? Koma Majid anapeza anthu akukhala kale pa Mzizima. Ku Kunduchi, ulendo wa basi imodzi, kuli bwinja la mzikiti ndi manda a zipilala omwe anawamatira mbale za ku China. Ku Kaole kuli mzikiti wa zaka za m'ma 1200. Eni nyumba zamiyalazo ankadya mapira olimidwa ndi anthu ena, ndipo alimiwo ankagona m'nyumba zadothi. Nyumba yadothi ikagwa imasiya mapale, makala ndi mikanda, zinthu zomwe katapila amazimeza kamodzi n'kamodzi.

Ife a ku Malawi tikudziwa phindu la mapale. Yusuf Juwayeyi atafukula pa Mankhamba, likulu la Kalonga kufupi ndi Mtakataka, anapeza mikanda yagalasi, mkuwa ndi zidutswa za mbale za ku China. Pakanamangidwa sitolo poyamba, bwenzi lero tikungotsutsana ngati Amaravi ankachitadi malonda ndi anthu a kunyanja yamchere.

Lamulo la Tanzania la zinthu zakale, la 1964, limati wopeza chinthu chakale akanene. Kodi kontirakitala amene akulipira katapila pa ola angadziimitse yekha ntchito chifukwa cha phale? Ku England, kuyambira 1990, womangayo ndiye amalipira akatswiri kuti afufuze malo asanathirepo simenti. Ine sindikupempha zambiri: maenje awiri kapena atatu oyesera, sabata imodzi, asanapereke chilolezo chomangira. Yunivesite ya Dar es Salaam ili pompano, ndipo imaphunzitsa ntchito yomweyi.

Chondiwawa kwambiri n'choti malole aja ankadutsa pa Makumbusho, pomwe alendo amalipira kuti aone nyumba zamakolo zomangidwa mongoyerekezera. Ndinafunsa dalaivala wina komwe amakataya dothilo. Anati amakakwirira chithaphwi pa puloti ina.