Mukapita ku Dar es Salaam, patulaniko tsiku limodzi

Sabata iliyonse Amalawi ambiri amadutsa pachipata cha Songwe kulowera ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania. Ena amakapikula zitenje, nsapato ndi ziwiya zoti adzagulitse pa Jenda, pa Mponela kapena pa Lunzu, pomwe ena amakatenga galimoto padoko. Koma mukawafunsa zomwe adaona mumzindawo, ambiri amangotchula msika wa Kariakoo, kachipinda komwe adagona ndi pokwerera basi. Munthu wapitako kakhumi, koma phazi lake silidapondepo m'madzi a nyanja ya mchere.

Sitikuwadzudzula. Tikudziwa kuti ndalama zakunja zikusowa, ndipo usiku uliwonse womwe munthu wagona kwa eni umadya mpamba. Komabe maganizo athu ndi akuti yemwe wakwanitsa kufika kumeneko azipatulako tsiku limodzi loona malo, chifukwa mbali ina ya mbiri yathu ili m'mphepete mwa nyanja imeneyo.

Tiyambire pamsika pomwepo. Dzina lakuti Kariakoo lidachokera ku mawu a Chingerezi akuti Carrier Corps, gulu la anthu akuda omwe ankasenza katundu wa asilikali a Britain pankhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918. Kuno kwathu ntchito imeneyi inkatchedwa mtengatenga, ndipo azigogo athu ambirimbiri adatengedwa m'midzi kukasenza ufa ndi zipolopolo, ena osabwerako. Pakatikati pa mzindawo, pamsewu wa Samora, pali chipilala cha Askari chomwe chidatsegulidwa m'chaka cha 1927 pokumbukira asilikali achikuda ndi amtengatenga a nkhondoyo. Kuchiona n'kwaulere.

Mukayenda pang'ono kuchokera pachipilalacho mufika kunyumba yosungiramo mbiri ya dzikolo, National Museum, yomwe idatsegulidwa mu 1940. Muli nkhani ya mafupa a anthu akalekale omwe adafukulidwa ku Olduvai Gorge, kuphatikizapo chigaza chomwe Mary Leakey adapeza mu 1959. Chakufupi ndi doko kuli matchalitchi awiri omwe adamangidwa nthawi ya ulamuliro wa Ajeremani: la Lutheran la Azania Front ndi la Katolika la St Joseph. Mukalawirira m'mamawa, pamsika wa nsomba wa Kivukoni mukaona asodzi akutsitsa nsomba za mitundu yomwe kunyanja kwathu kulibe. Madzulo, kunja kukayamba kuzizira, mabanja amakasonkhana ku Coco Beach kukapitidwa mphepo uku akudya chinangwa chokazinga. Zonsezi zitheka tsiku limodzi, pa ndalama yochepa.

Koma ulendo womwe tikuulimbikitsa kwambiri ndi wa ku Bagamoyo, tauni yakale yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa Dar es Salaam. Mutha kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Apa ndi pomwe pankathera njira ya amalonda omwe ankachokera kumtunda ndi minyanga ya njovu komanso akapolo. Anthu amamasulira dzinali kuti “tula mtima wako”.

Mu February 1874, pamalo amenewa padafika gulu la anthu akuda litasenza thupi la David Livingstone, yemwe adamwalira mu May 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia. Adayenda nalo pansi miyezi 9, mtunda woposa makilomita 1,500. Atsogoleri a gululo adali Abdullah Susi ndi James Chuma. Chuma adali Myao yemwe adaomboledwa m'manja mwa ogula akapolo mu 1861 kumapiri a m'chigawo cha kummwera kwa dziko lathu lino, ndipo adakhalako pamishoni ya Magomero. Thupilo lidasungidwa pamishoni ya Katolika ya ku Bagamoyo, yomwe idakhazikitsidwa mu 1868, lisadaolotsedwe kupita ku Zanzibar. Nsanja ya katchalitchi komwe lidagonako ikadalipo mpaka lero. Ana athu amaloweza dzina la Livingstone kusukulu, koma ndi angati omwe amamudziwa Chuma? Kholo lomwe laima pansanja imeneyo lidzakhala ndi nkhani yofotokozera ana kunyumba.

Kwa omwe thumba lawo likulola, kuli chilumba cha Zanzibar. Sitima yothamanga ya pamadzi imatenga maola pafupifupi awiri kuchokera padoko la Dar es Salaam. Dera lakale la mzinda wa pachilumbacho, Stone Town, lidalowa mumndandanda wa bungwe la Unesco wa malo ofunika padziko lonse mu 2000. Kumeneko kuli tchalitchi cha Anglican cha Christ Church chomwe chidamangidwa pomwe padali msika wa akapolo, msikawo utatsekedwa mu 1873. Anthu ambiri omwe ankagulitsidwa pamenepo adali ochokera kumadera ozungulira nyanja ya Malawi. Jumbe wa ku Nkhotakota ankawaolotsa nyanja pazombo, kenako ankayenda pansi mpaka ku Kilwa, komwe ankawakweza zombo zina za ku Zanzibar. Omwe adamanga tchalitchicho ndi amishoni a UMCA, omwenso adadzamanga tchalitchi cha St Peter's pachilumba cha Likoma. Mmalawi akaima pamenepo waima pomwe abale ake adaikidwa mtengo ngati mbuzi.

Wina anena kuti, “Ine ndidapitira geni, osati kukayenda.” N'zoona. Koma nthawi zambiri pamakhala tsiku lomwe munthu amangokhala kudikira kuti katundu apakidwe kapena mapepala a galimoto atuluke. Tsiku limenelo ambiri amangogona m'chipinda. Komanso wamalonda yemwe amayenda maso ali tcheru amatolapo nzeru: momwe anzathu amasamalira alendo, momwe amayalira malonda awo, ndi momwe mabasi a mwendokasi, omwe adayamba kuyenda mu 2016 m'njira yawoyawo, adafupikitsira maulendo a mumzindamo.

Pokayenda pali zofunika kusamala, pajatu safunsa adadya phula. Nyanja ya mchere siili ngati ya ku Salima: madzi ake amaphwera n'kubwereranso kawiri patsiku, ndipo pomwe mudayenda pouma m'mawa pakhoza kumiza munthu masana. Musalole ana kusambira pomwe eni dera sakusambirapo. Dzuwa la kumeneko ndi loopsa makamaka kuyambira December mpaka March, pomwe mvula yambiri imagwa pakati pa March ndi May. Nyengo yabwino yoyendera ndi ya June mpaka September.

Nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi yathu, ndipo m'Chiswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Akati “saa moja asubuhi” akutanthauza 7 koloko m'mawa, choncho funsitsani kuti basi kapena sitima ingakusiyeni. Popita ku Zanzibar tengani pasipoti, gulani tikiti paofesi yeniyeni osati kwa anyamata a pamsewu, ndipo dziwani kuti kuyambira mu October 2024 alendo ochokera kunja amalipira inshuwalansi polowa pachilumbacho. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndiye valani modzilemekeza. Tisaiwalenso kuti pachisankho cha mu October 2025 mumzinda wa Dar es Salaam mudali zipolowe zomwe zidaphetsa anthu, kotero ndi bwino kumva kaye momwe zinthu zilili musadanyamuke.

Pomaliza, ulendo wotere uyenera kutitsegula maso pa za kwathu komwe. Ku Bagamoyo ndi ku Zanzibar achinyamata amapeza chakudya poperekeza alendo ndi kuwafotokozera mbiri ya malo awo. Ife tili ndi mtengo wa mkuyu ku Nkhotakota pomwe Livingstone adakumana ndi Jumbe, nyumba ya za chikhalidwe ndi mbiri ku Karonga yomwe mabasi ochokera ku Songwe amangoidutsa, ndiponso Magomero komwe Chuma adakhalako. Kodi makhonsolo athu akuchitapo chiyani kuti malowa akhale ndi zikwangwani, zimbudzi zaukhondo ndi anthu odziwa kufotokoza? Nanga sukulu zathu zidapitako liti ndi ana?

Ndiye inu amayi ndi abambo a geni, polemba bajeti ya ulendo wotsatira, pansi pa zitenje ndi nsapato onjezanipo mzere umodzi: thiransipoti ya ku Bagamoyo. Ngati sukulu zatsekera ndipo mwana wamkulu ali ndi pasipoti, mutengeni akaone yekha. Nsapato yomwe mumugulire ku Kariakoo idzatha pakapita chaka, koma zomwe akaone adzafotokozerabe zidzukulu zanu.